Adokowe a ku Segovia

Pasipoti yanga ili ndi chidindo chimodzi chokha.
Ndaibisa m'kati mwa malaya, pafupi ndi khungu,
ndipo dzanja likumapita lokha kukaigwira
monga lilime pa dzino logwedera.

Basi yandisiya patsinde pa mlatho wopanda mtsinje.
Akuti madzi ankayenda pamwamba pake, anthu pansi.
Miyala yotuwa kusanjikana, kusanjikana,
mpaka khosi kuwawa.
Ndafunafuna simenti m'mipata yake. Mulibe.
Ndapisa chala, ndakhudza mphepo.
Bambo, munamanga nyumba za eni zaka makumi atatu
mukudandaula mtengo wa thumba limodzi.
Mukanaima pano mukanavula chipewa, kukhala duu,
kenako n'kufunsa kuti kapitawo wake anali ndani
ndipo anyamata ankalipidwa tsiku lanji.

Msewu ukukwera, ukupinda, ukuchepa.
Foni ikuti khota kumanja.
Kumanja kuli khoma, ndi mphaka pazenera
wondiyang'ana ngati ndamubwereka ndalama.
Ndadutsa kawiri pa nyumba ya miyala yosongoka,
kachitatu ndaipatsa moni.

Nsapato ndinagulira ulendo uno
zandiluma chidendene mpaka thuza.
M'sitolo ya mankhwala, mayi wa baji yolembedwa Fuencisla
sanadikire kuti ndipeze mawu.
Wayang'ana kayendedwe kanga, wandilozera mpando,
wamata yekha pulasitala, akulankhula mothamanga
ngati mvula pa malata.
Ndamvapo liwu limodzi, despacio.
Wandionetsa ndi manja: pang'onopang'ono.

Itakwana thuu koloko zitseko zonse pha! pha!
Mzinda wagona masana ndithu.
Ndatsala ine, chithunzithunzi changa,
ndi fungo la nkhumba yowotcha lotuluka pansi pa chitseko
chomwe mtengo wake ndinawerenga n'kupitirira.

Ndiye ndamva kugogoda kumwamba,
ngati wina akuwomba mipini iwiri youma.
Pansanja ya tchalitchi, chisa chachikulu ngati dengu la thonje,
ndipo m'menemo, mwendo umodzi, mlomo wofiira,
dokowe.

Iwe!
Si iwe unkatsata makasu athu mvula ikagwa,
kutola ziwala m'munda wosakhala wako?
Ukasowa sitinkafunsa.
Ndiye kwanu ndi kuno,
pamwamba pa mabelu, moyang'anana ndi mapiri?
Unkabwera wopanda viza, wopanda kalata ya kubanki,
pomwe ine ndaima pamzere kuyambira mbandakucha, kawiri konse.

Bambo wina pabenchi, dzina lake Frutos,
waona ndikulankhula ndi mbalame, wasendera kundipatsa malo.
Tacheza kudzera pa foni, mawu akufika opunduka.
Akuti ambiri masiku ano sapitanso kutali,
nthawi yozizira amangodya kudzala la zinyalala.
Akuti athu aja mwina ndi a dziko lina, si awa.
Ndaseka, koma penapake pandiwawa,
monga ukathamangira munthu pamsika, kumugwira phewa,
atatembenuka n'kupeza si iye.

Ndayendabe. Kumapeto kwa mzinda kuli nyumba ya mafumu
yoima pathanthwe ngati ikufuna kudumpha.
Sindinalowe. Mwendo unakana, thumba linavomereza.
Ndatsamira mpanda, ndadya buledi ndi tchizi cholimba,
ndikuyang'ana minda ya tirigu yofiirira uko
ndi kamsewu kopita kumene sindidzafika.

Naini koloko usiku, dzuwa likadali pakhomo
ngati mlendo wotsanzika kasanu.
Ana ali pabwalo, mpira ukugunda khoma la zaka mazana,
palibe wowakalipira.
Ndatsetsereka kubwerera ku mlatho uja, nsapato m'manja,
miyala ya mumsewu ikadali yofunda.
Pamwala uliwonse pali kadzenje,
pomwe mbano zinaugwira poukweza.
Ndaikamo chala changa, Bambo.
Chakwanira.

Basi yomaliza inyamuka hafu teni.
Ndagwiranso pasipoti. Ilipo.